ZA MLENDO M'NYUMBA YA MAPEMPHERO YA KUMUDZI

Ambiri a ife sitipembedza Mulungu m'machalichi akulu a pa misyoni kapena a m'mizinda. Tsiku la Mulungu likafika timasonkhana m'nyumba zazing'ono za mapemphero, zina zofolera ndi udzu, zina ndi malata, m'mene mipando ndiyo mizere ya njerwa zomata ndi dothi, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, ana pamphasa patsogolo. Mbusa ali mmodzi, nyumba zimene aziyang'anira nzambiri, cifukwa cace amafika kamodzi pa miyezi ingapo. Masabata ena onse mkulu wa mpingo ndiye atsogolera, awerenga Mau, nalalikira. Ife aphunzitsi, popeza nchito yathu imatisamutsa kawirikawiri, talowa m'nyumba zambiri zotere monga alendo, ndipo taonamo cinthu cimodzi cimene tifuna kuciyesa pamodzi ndi inu. Ndico ici: mlendo wooneka bwino akalowa pakhomo, mapemphero amasandulika. Cimene Akristu a pamudzi amacita Lamulungu liri lonse amacibisa ngati ca manyazi, naturutsa cina cakuti mlendo aone. Ife tinena kuti mcitidwe uwu ulanda eni nyumba cakudya cao, ndipo mlendo yemwe sumpindulitsa kanthu.

ULEMU WA NYUMBA YAING'ONO

Muzu wa nthendayi ndiwo manyazi. Akristu a nyumba yaing'ono amadziyesa ndi muyeso wa chalichi cacikulu. Amamva mbiri ya chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre, cimene David Clement Scott adamanga pamodzi ndi anchito a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi nsanja zace ndi njerwa zace zoumbidwa mwaluso. Ena adaona ca ku Nkhoma kapena ca ku Livingstonia. Ndipo pobwerera kwao ayesa kuti yao si nyumba ya Mulungu yeniyeni, koma msasa cabe.

Mbiri ya mpingo m'dziko lino itsutsa maganizo otere. A misyoni ya Livingstonia adafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, adabatizidwa m'1881, zitapita zaka zoposa zisanu. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adakhazikika pa Mvera m'1889, m'dziko la mfumu Chiwere, adayamba ndi kagulu ka anthu akumva ndi ana a sukulu. Kucokera m'malo otere Uthenga Wabwino udafalikira ndi timasukulu ta m'midzi: nyumba imodzi yomweyo inali sukulu pakati pa sabata ndi yopemphereramo tsiku la Mulungu, ndipo mphunzitsi amene anaphunzitsa ana kuwerenga Lolemba ndiye anawerengera makolo ao Mau Lamulungu. Pamene Blantyre ndi Livingstonia adagwirizana m'1924 kukhala mpingo umodzi wa CCAP, Nkhoma nalowamo m'1926, unyinji wa Akristu amene adalowa m'cigwirizanoco unali wa m'midzi yotere.

M'Cipangano Catsopano momwe tipeza comweco. Paulo apereka moni kwa mpingo wosonkhana m'nyumba ya Priska ndi Akula, ndi wina m'nyumba ya Filemoni. Atumwi onse adamwalira asanaone chalichi ca nsanja. Tsono nyumba yaing'ono iribe cifukwa ca kugwetsa nkhope pamaso pa munthu ali yense.

LAMULUNGU LA MASIKU ONSE

Tiyeni tione cimene cimabisidwaco, ngati ciridi ca manyazi. Citsulo copacikidwa pamtengo cikalira, anthu alowa. Mkulu achula nyimbo, mai wina wa mau amphamvu aiyamba, ndipo onse ayimba, pakuti palibe wina wowayimbira. Awerenga Malamulo Khumi, anthu aulula macimo ao, nanena pamodzi Cikhulupiriro ca Atumwi ndi Pemphero la Ambuye. Ana amene sanayambe sukulu aziloweza pongomva. Popempherera odwala achula maina ao, ndipo ali yense adziwa khomo limene munthuyo agona. Wina akasowa masabata awiri, malo ace aoneka, ndipo amai a cigwirizano amzonda sabata lomwelo. Mlaliki alima nthaka yomweyo imene omvera ace alima. Adziwa mtengo wa feteleza, adziwa nkhawa ya mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe iri pansi. Ndipo anthu adziwa mayendedwe ace, kotero kuti sangathe kulalikira ca kuledzera iye atagona kumowa. Dzuwa lisanapendeke mapemphero atha, ndipo nkhalamba zocokera kutsidya kwa dambo zifika kwao nthawi ikalipo.

Sitinena kuti mulibe zolakwa. Owerenga ena aphunthwa pa maina a m'Cipangano Cakale cifukwa sanayesere kunyumba. Nyimbo zina zimakokedwa ngati ng'ombe yotopa. Alaliki ena abwereza mutu umodzi caka conse. Izi nzofunika kukonza, ndipo mankhwala ace ndiwo kukonzekera Loweruka. Koma cuma cimene tachulaci chalichi ca anthu cikwi sicingathe kucigula, pakuti kumeneko munthu akhoza kudwala, nacira, nabweranso, popanda wina wodziwa kuti anasowa.

TSIKU LA MLENDO

Tsopano taonani nyumba yomweyo pamene yamva kuti kukubwera mlendo wa galimoto.

Coyamba, kudikira. Citsulo cilira pa nthawi yace, anthu alowa, koma mapemphero sayamba cifukwa mlendo sanafike. Akwaya ayimba zotayitsa nthawi, ana ayamba kulira, ndipo pamene galimoto imveka dzuwa lakwera kale. Pamenepo anthu onse aphunzira phunziro losanenedwa ndi pakamwa, lakuti nthawi ya mapemphero iri m'manja mwa munthu wolemekezeka.

Caciwiri, mpando. Abwereka mpando wa ndalema kwa mwini sitolo, nauika kutsogolo pafupi ndi gome, moyang'anana ndi anthu. Yakobo adadzudzula cinthu comweci m'mutu waciwiri wa kalata wace, pamene afanizira alendo awiri olowa mumsonkhano, wina wa zobvala zokongola ndi wina wa nsanza. Alendo awiriwo akalipo kufikira lero. Tsiku lomwelo limene wagalimoto akhala pa ndalema, kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo pakhala mkamwini watsopano wa m'mudzimo, kapena mai amene anadza kudzadwazika mbale wace, kapena mnyamata wocokera kutali wogwira nchito m'munda wa fodya. Palibe womfunsa dzina. Makolo adati mlendo ndi mame, ndipo pa wagalimoto mauwa ngoona, pakuti madzulo adzakhala atapita. Koma wa pakhomoyo akhoza kukhala zaka zambiri. Akadalandiridwa akadalowa kalasi, nabatizidwa, nakhala mzati wa nyumbayo. Tiyika mtima pa mame, mbeu yeniyeni tiipondereza.

Cacitatu, malonje. Mtsogoleri aonetsa mlendo ndi maudindo ace onse, mlendo ayankha, kenaka akulu, atumiki, a cigwirizano, a acinyamata ndi a komiti ya zomangamanga aimirira mmodzi mmodzi kudzionetsa, ndipo mlembi awerenga mbiri ya denga lodontha. Ora lathunthu lipita. Pozindikira kuti nthawi yatha, mtsogoleri adumpha Malamulo, afupikitsa pemphero la odwala, nawerenga mavesi atatu m'malo mwa mutu. Zimene zidulidwa nthawi zonse ndizo zimene anthu adadzera.

Cacinai, nyimbo. Pa tsikuli abwereka zokuzira mau ndi batire, naitana makwaya a nyumba zina, kotero kuti m'nyumba ya anthu makumi asanu muyimba makwaya asanu, iri yonse nyimbo ziwiri kapena zitatu, ndipo mpingo ukhala cete ngati wodzaonera. Musatimve molakwa. Ife sitidana ndi kwaya, kapena ng'oma, kapena mayimbidwe a kwathu. Buku la Nyimbo za Mulungu, limene lidaturuka koyamba m'1916, liri ndi nyimbo zambiri zotembenuzidwa kucokera ku Cingerezi, ndipo zina mwa izo zimalemera pakamwa pathu. Kumpoto, Donald Fraser wa ku Loudon adalimbikitsa Akristu kupeka nyimbo m'mayimbidwe a Cingoni, ndipo amuna monga Peter Thole, Mawelera Tembo ndi Charles Chinula adasiyira mpingo nyimbo zimene ziyimbidwa kufikira lero. Mphamvu ya nyimbo zao iri pakuti wina ayamba, khamu lonse nkubvomera. Muyeso wathu ndi umenewo: kodi mpingo wonse uyimba, ndipo kodi mau amveka? Paulo m'mutu 14 wa kalata woyamba kwa Akorinto aganiziranso za mlendo wolowa mumsonkhano, ndipo cimene afuna ndico cakuti mlendoyo amve zonenedwa, zimlase mumtima. M'kanyumba kamene munthu wonong'ona kutsogolo amveka kukhomo, cokuzira mau cingogonthetsa makutu.

Cacisanu, ndico cacikulu koposa, ulaliki. Mkulu wa pamudzi wakonzekera sabata lonse, wawerenga mutu wace usiku ndi nyali, wasinkhasinkha ali kumunda. Mlendo angofika, akulu anong'onezana pakhomo, ndipo mlendo apatsidwa guwa. Nthawi zina palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mpingo umene acokera, kapena ngati ali pansi pa cilango kwao, kapena ciphunzitso cimene agwira. Suti yace ndiyo yamcitira umboni. Mwa njira iyi anthu ogulitsa madzi ndi mafuta, ndi olosera za afiti, adalowa m'nyumba zina nasiya mabanja atagawanika, nkhalamba zina zitalozedwa cala. Ngakhale mlendo akhale Mkristu wokhulupirika, kawirikawiri sanakonzekere, ndipo adzaza nthawi ndi nkhani za maulendo ace. Ena asakaniza Cingerezi m'ciganizo ciri conse, ena afuna womasulira pamene iye ndi omvera onse anayamwa cinenero cimodzi. William Murray ndi anzace, azungu ndi eni dziko, adatha zaka zambiri pa nchito yotembenuza Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa lathunthu m'1922, ndipo m'1998 kudaturukanso Buku Loyera m'Cicewa ca masiku ano. Thukuta lonselo lidakhetsedwa kuti gogo wa kumudzi amve Mulungu alikulankhula cinenero cace. Wolalikira mwa Cingerezi pamaso pa gogoyo abweza nchitoyo m'mbuyo.

Ndipo mkulu uja wolandidwa guwa aphunziranso phunziro lace. Aona kuti khama lace liri ngati ndiwo za masamba zimene zibisidwa kukhichini nkhuku ikapezeka. Cikacitika kawiri katatu, aleka kukonzekera, ndipo nyumbayo iyamba kudya zosapsa masabata onse a caka.

Wina adzati, Nanga ku Antiokeya wa m'Pisidiya, si akulu a sunagoge adaitana Paulo, mlendo, kuti alankhule? Inde, m'mutu 13 wa Macitidwe ziri conco. Koma werengani bwino: adamuitana atatha kuwerenga Cilamulo ndi Aneneri, osadumpha kanthu cifukwa ca iye. Ndipo Paulo mwini, potumiza Febe ku Roma, adamlembera mau omcitira umboni kuti amlandire. Mwambo wa mipingo yathu wakuti Mkristu wa paulendo anyamule kalata ya ku mpingo kwao udacokera pamenepo, ndipo ngwabwino. Mlendo wodziwika, amene akulu adampempha masiku akalipo, alalikire ndithu, pakuti mau atsopano atsitsimutsa. Cimene tikana ndico kupereka guwa monga mphatso ya ulemu.

Cacisanu ndi cimodzi, copereka. Mbale iikidwa kutsogolo, mlendo apemphedwa kuti aitsegule, ndipo ndalama yace ilengezedwa, anthu naomba m'manja. Kenaka aitana magulu mmodzi mmodzi, nawerenga zimene gulu liri lonse laponya. Mai wamasiye amene anamanga kandalama kace pa nsonga ya citenje acita manyazi kuimirira, nabwerera nako kwao. Ambuye adakhala pafupi ndi mosungiramo zopereka nayamika mkazi wotere koposa olemera onse. Ife tamtsekera njira. Mlendo naye azindikira kuti ndalema ija inali nyambo, ndipo sadzabweranso. Coipa cina cimene citsalira ndico cakuti mpingo uzolowera kuyang'ana kumseu. Taona makoma a njerwa zoocha ataima zaka zambiri opanda denga, udzu utamera m'kati, eni ace alikudikira mlendo wa malata; pamene makolo ao, osauka koposa iwo, adaumba njerwa, nadula mitengo, namweta udzu, napemphera m'nyumba yao caka comweco.

KWA INU AMENE MUPITA MONGA ALENDO

Mlandu suli pa eni nyumba okha. Ife aphunzitsi, anchito a boma, ana a mudzi okhala ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg amene tibwera kudzaona makolo, ndife alendo amene tinenedwa pano, ndipo zambiri zicitika cifukwa alendo azikonda. Cifukwa cace tipangane izi.

Fikani citsulo cisanalire, ndipo mukacedwa lowani mwakacetecete, nimukhale pamene pali malo. Akakuonetsani mpando wa kutsogolo, thokozani, nimupemphe kukhala pakati pa anthu. Akaumirira, pemphani kuti nkhalamba ina ikhalepo. Onetsani kalata yanu kwa mkulu musanafunsidwe. Akakupatsani guwa mwadzidzidzi, funsani ngati pali amene anakonzekera, ndipo ngati alipo nenani kuti mwadzera kumva iyeyo. Mau amenewo adzamlimbikitsa koposa ulaliki uli wonse umene mukadalalikira. Akakupemphani moni, ukhale wa mau ocepa. Yimbani nyimbo monga aiyimba iwo, ngakhale kwanu muiyimba mwina. Wowerenga akaphunthwa musamwetulire, ndipo musamkonze mokweza. Foni ikhale m'thumba. Anthu opemphera si cinthu cojambula. Copereka canu ciponyeni monga aponya ena, ndipo ngati mufuna kuthandiza za denga, kambani ndi msungicuma ndi mkulu wina mapemphero atatha.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, adatero akale, ndipo nzoona kuti diso lacilendo liona zimene eni ace adazolowera. Koma kalumo nkometera, ndipo wometa mnzace amakhala naye pansi pamthunzi, namgwira mutu mofatsa. Ngati mwaona colakwa, cinenedwe kwa mkulu muli awiri, mutayamba mwachula cabwino cimene mwalandira. Kukanena mumzinda kuti akumudzi sadziwa kupemphera ndiko kudya nsima ya munthu ndi kukanyoza mbale yace kunja.

KODI TIKANA KUCEREZA ALENDO?

Ena powerenga adzati, Aphunzitsi awa afuna kutiphunzitsa cipongwe. Kulemekeza mlendo ndi mwambo wa makolo athu, ndipo Malembo omwe alamula. Iai, abale. Yohane m'kalata wace wacitatu ayamika Gayo cifukwa ca kulandira abale a paulendo, nadzudzula Diotrefe amene anawatsekera khomo. Ife tiri kumbali ya Gayo. Koma mwambo wa makolo womwewo udziwa nthawi ya cinthu ciri conse. Munthu akafika pa bwalo mlandu uli m'kati, ngakhale akhale wolemekezeka, amakhala pansi, naomba m'manja pang'ono, mlandu nupitirira. Malonje adza pambuyo. Akafika pa maliro mwambo utayamba, palibe amene aimitsa nyimbo kuti amfunse za ulendo. Ngati ticita conco pa bwalo la mfumu ya mudzi, nanga pamene Mau a Mulungu alikuwerengedwa?

Ndiponso tikumbukire kuti m'nyumba ya mapemphero mwini nyumba si mkulu, si mbusa, si iwo amene adaumba njerwa. Tonse amene tilowamo ndife oitanidwa, wagalimoto ndi mkamwini yemwe. Malo a kucereza alipo, ndipo ngakulu: pakhomo polowa, pamene mtumiki agwira mlendo ali yense canza namuonetsa pokhala, nambwereka buku la nyimbo, pa zolengeza, pamene maina a alendo onse achulidwa mofanana ndi mwacidule, ndi pabwalo poturuka, pamene mabanja alimbirana kuti akadye kwa yani. Pamenepo iphani nkhuku ngati muli nayo, cezani kufikira madzulo, mperekezeni mpaka kumseu. Ndipo mnyamata wa kumunda wa fodya uja aitanidwenso ku nsima.

Tipempha akulu a nyumba iri yonse kuti pa msonkhano wao wotsatira apangane zinthu zitatu, nazilembe m'buku: kuti mapemphero adzayamba pa nthawi yace, mlendo afike asafike, kuti guwa silidzaperekedwa kwa munthu wopanda kalata kapena wosapemphedwa kale, ndi kuti kuwerenga Mau, pemphero la odwala ndi nyimbo za mpingo wonse sizidzadulidwa cifukwa ca munthu ali yense. Zikalembedwa, mtsogoleri wa tsikulo sadzacita mantha pokana, pakuti adzati, Ndi pangano la akulu. Mlendo wanzeru sadzakhumudwa. Ambiri a iwo adatopa ndi phokoso la m'mizinda, ndipo cimene adzera kumudzi ndico comwe ife tibisa: anthu makumi asanu odziwana maina, oyimba ndi pakamwa pao, ndi mkulu wa zikhatho zolimba ndi khasu alikuwatsegulira Buku. Mpatseni cimeneco.